Mwana akafika pa kauntala kudzagula mowa, udindo womukaniza ndi wa wogulitsa

Nkhani ya ana amene akuyamba kumwa mowa asanakhwime imabwerabwera mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ikafika pa wailesi m'mapologalamu oimba foni, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kapena pa siwa amuna akuotha moto usiku, anthu amagawikana mofanana nthawi zonse. Ena amati vuto ndi makolo olekerera, ena amaloza chala aphunzitsi, ena amadandaula za mafoni ndi makanema, pamene ena amati boma ndilo likugona. Chimene chimandipweteka n'chakuti munthu amene amalandira ndalama m'manja mwa mwanayo n'kumupatsa botolo amatchulidwa komalizira, ndipo akangotchulidwa pamapezeka womuikira kumbuyo, ati iye akungochita bizinesi yake. Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo ndiyinena poyera: udindo woyamba woletsa mwana kupeza mowa uli pa wogulitsa, kaya ndi mwini botolositolo ya m'tauni, bala ya ku Chibavi, golosale ya ku Zolozolo kapena okala ya ku Mchengautuwa. Wogulitsa ayenera kukaniza munthu aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale atanena kuti watumidwa ndi abambo ake, ndipo amene akulephera kuchita zimenezi sayenera kupitiriza kukhala ndi chiphaso chogulitsira mowa.

Tiyambe ndi pamene lamulo laima, chifukwa anthu ambiri amakamba nkhaniyi ngati kuti ndi ya ulemu chabe kapena ya chikumbumtima cha munthu payekha. Lamulo loyendetsa malonda a mowa m'dziko muno, Liquor Act, lakhalapo kuyambira 1979, ndipo malire a msinkhu wogulira mowa ndi zaka 18. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale munthu aliyense wosakwana zaka 18, ndipo m'chaka chomwecho boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, National Alcohol Policy. Ziphaso zogulitsira mowa zimachokera ku makhonsolo, kutanthauza kuti kuno kwathu nkhaniyi ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Tsono tidzifunse chifukwa chimene mowa umafunira chiphaso chakechake pamene sopo, shuga ndi machesi sizitero. Yankho ndi lakuti mowa ndi katundu amene amavulaza akafika m'manja molakwika, ndipo anthu onse, kudzera ku khonsolo yawo, amalola munthu kuugulitsa pokhapokha atalonjeza kuti adzasamala za amene akumugulitsa, nthawi yogulitsira ndi malo ogulitsira. Chiphaso chimene chimapachikidwa pakhoma la bala ndi pangano, ndipo munthu sangatenge phindu la panganolo n'kukana katundu wake.

Mfundo yomweyi ndi imene ili pansi pa malamulo onse oteteza ogula. Lamulo la Consumer Protection Act la 2003, komanso la Competition and Fair Trading Act limene linakonzedwanso mu 2024, amazindikira kuti wogulitsa amadziwa zambiri za katundu wake kuposa wogula, motero mtolo woonetsetsa kuti katunduyo sakuvulaza munthu umasenzetsedwa wogulitsa. Pa zinthu zina tinaphunzira kale kufunsa zimenezi mopanda mantha. Tikagula mkaka timayang'ana tsiku lothera mphamvu, tikagula mafuta ophikira timafuna chidindo cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, tikagula nyama timayang'anitsitsa sikelo, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichiwachotsera udindo pa katundu woonongeka. Palibe amene amati mwini sitolo wogulitsa ufa wa phala la ana wotha mphamvu alibe mlandu chifukwa mayi wogulayo sanawerenge bwino. Ngati tikuvomereza kuti munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga ndi kuganiza, akuyenera kutetezedwa kwa wogulitsa wosasamala, n'zosamveka kuti mnyamata wa Sitandade 8, amene sadziwa mphamvu ya chimene chili m'botolomo, asiyidwe kuti adziteteze yekha. Amalonda amakonda kunena kuti kasitomala ndi bwana, koma mawu amenewa ali ndi malire ake: wogulitsa mankhwala sapereka mankhwala ena popanda kalata ya dokotala ngakhale kasitomala atatulutsa ndalama zambiri, ndipo palibe amene amati waphwanya ufulu wa wogula.

Ndifotokoze chimene ndinaona ndi maso anga, chifukwa ndi chimene chinandichotsa chikaiko. Anali madzulo a mwezi wa June, kukuzizira monga umadziwikira Mzuzu, kamvula kakuwaza, ndipo ndinaima pa okala ina ya m'dera lathu kuti ndigule mayunitsi. Patsogolo panga panali kamtsikana ka zaka mwina khumi, katavala juzi ya sukulu pamwamba pa diresi, ndalama katazifumbata mpaka zinakwinyika. Kanagula machesi ndi kathumba ka mchere, kenaka kanatsitsa mawu n'kunena kuti, "Ankolo, mundipatsenso kajaka, abambo andituma." Wogulitsayo sanafunse kuti kajaka n'kachiyani. Anawerama pansi pa kauntala, anatenga kabotolo ka pulasitiki kamene tonse timakadziwa ndi dzina lakuti midoli, anakakulunga mu nyuzipepala yakale n'kukalowetsa pa zenera la waya. Mwana atachoka ndinamufunsa wogulitsayo ngati sakuona kuti wogulayo ndi wamng'ono, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti, "Nanga nditani, achikulire, si watumidwa?" Zimene zinatsalira m'mutu mwanga ndi nyuzipepala ija. Machesi sanawakulunge, mchere sanaukulunge, koma botolo analikulunga, ndipo munthu sabisa chinthu chimene akuona kuti n'chabwino kuti anthu a mumsewu achione m'manja mwa mwana.

Anthu ambiri amene sagwirizana nane amayambira pa makolo, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati kulera ndi ntchito ya pakhomo, kuti mwana woleredwa bwino sangapite yekha ku bala, ndiponso kuti kusenzetsa wogulitsa mtolo umenewu ndi kumasula makolo pa udindo umene anapatsidwa ndi Mulungu. Ndikuvomereza kuti kholo lili ndi udindo waukulu, ndipo palibe lamulo la khonsolo limene lingalowe m'malo mwa mayi kapena bambo wolangiza mwana wake. Komabe tiyenera kuyang'ana mmene mabanja a mu mzinda uno akukhalira. Mayi wogulitsa kaunjika kapena tomato mumsika amachoka kusanache n'kubwerera kutada, bambo wa kabaza kapena wolondera usiku amaonana ndi ana ake kwa maola ochepa, ndipo ana ambiri akuleredwa ndi agogo okalamba amene sangathe kuwatsata. Palinso anyamata ndi atsikana ochokera ku Nkhata Bay, Rumphi, Mzimba ndi Karonga amene amabwera kudzaphunzira ku sekondale mu Mzuzu n'kumakhala kwa achibale kapena m'tinyumba ta lendi, kutali ndi diso la kholo lililonse. Kunena kuti ana onsewa atetezedwe ndi makolo okha ndi kuvomereza kuti amene alibe kholo pafupi asatetezedwe konse. Kuwonjezera apo, kulephera kwa kholo sikupereka chilolezo kwa munthu wina kuti alakwe. Dalaivala wa minibasi akaona mwana pakati pa msewu wa ku Luwinga amaponda buleki, sayamba wafunsa kuti kholo lolekerera mwanayu lili kuti.

Mfundo imene ili ndi mizu yozama kwambiri pakati pathu ndi ya kutuma, ndipo ndikufuna kukhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu abwinobwino amandisiya. Kwathu kuno kutuma mwana ndi gawo la maleredwe. Mwana wotumika ndiye amayamikiridwa, amaphunzira njira, amaphunzira kuwerengera chenje, amaphunzira kulankhula ndi akuluakulu, ndipo mwana wokana kutumidwa timamutcha wamwano. Motero wogulitsa akakaniza mwana wotumidwa, ambiri amaona ngati wanyoza kholo limene lamutuma, ndipo m'dera limene aliyense amadziwana, kunyoza neba ndi chinthu chimene wamalonda amachiopa kuposa kutaya ndalama. Ndikumvetsa mantha amenewa. Koma tiyeni tiwunike bwino chikhalidwe chimene tikuchitchulachi. Makolo athu ankatuma ana kokatunga madzi, kokapala moto ndi kokaitana munthu, koma pa bwalo la mowa mwana sankaloledwa kukhala, ndipo wamkulu aliyense anali ndi mphamvu yomuthamangitsa ngakhale sanali wake. Chikhalidwe chomwecho chimene chimayamikira mwana wotumika ndi chimenenso chimati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wogulitsa amene akubweza mwana n'kunena kuti abambo ako abwere okha sakuphwanya mwambo, akuchita zimene wamkulu wa m'mudzi ankachita, ndipo amene wasiya mwambo ndi bambo wotuma mwana wa zaka khumi kumalo kumene amuna oledzera akhala pa benchi mdima utagwa.

Palinso chifukwa china chooneka ndi maso, ndipo n'chakuti wogulitsa sangathe kudziwa ngati mawu akuti ndatumidwa ndi oona. Mnyamata aliyense wa Fomu 2 amene akufuna kulawa mowa ndi anzake kuseri kwa bwalo la mpira amadziwa kuti mawu amenewa ndi kiyi wotsegula zenera lililonse. Lamulo limene lingagonje pa mawu awiri okha, "adada andituma" kapena "ankolo andituma", silikutetezanso munthu, pakuti wogulitsa amaona mwana ndi ndalama basi, sadziwa kumene botololo likukathera. Ndipo ngakhale mwanayo atatumidwadi, ulendowo umamuphunzitsa zinthu zimene sitifuna kuti aphunzire. Amadziwa mtengo, amadziwa mayina a mitundu ya mowa, amadziwa okala imene imagulitsa popanda kufunsa, amazolowera kununkhira kwake, ndipo panjira yobwerera ali yekha ndi botolo la chitsekerero chosavuta kutsegula. Tsiku limene adzapeze ndalama zake za ganyu sadzafunika womulondolera. Kwa mtsikana ulendo umenewu uli ndi ngozi yowonjezera imene tonse timaidziwa, chifukwa malo omwera mowa ndi amene amuna ena amayambira kumuitana, kumugulira zakumwa ndi kumuzoloweza. Bambo amene akufuna mowa wake ali ndi ufulu wonse woumwa, koma anyamuke akagule yekha, ndipo kuvutika kwake poyenda mtunda waufupi sikungafanane ndi zimene mwana akuikidwamo.

Ena amati nkhani ya msinkhu ndi yovuta, chifukwa ana a masiku ano amakula msanga, mtsikana wa zaka 16 amaoneka ngati mayi, ndipo mnyamata wa zaka 22 wa ku yunivesite akhoza kuoneka ngati wa ku sekondale. Amawonjezera kuti kufunsa munthu chiphaso pogula mowa ndi kumuchititsa manyazi. Zaka makumi awiri zapitazo mfundoyi ikanakhala ndi mphamvu, koma kuyambira pa kalembera wa 2017 wa bungwe lolembera nzika la NRB, Amalawi ambiri ali ndi chiphaso cha unzika chimene chili ndi chithunzi ndi tsiku lobadwa. Timachionetsa ku banki, polembetsa nambala ya foni, pogula feteleza wotsika mtengo komanso polembetsa mavoti, ndipo palibe amene amati wanyozedwa. Chimene wogulitsa ayenera kusamala nacho n'chakuti chiphasochi chimaperekedwa kuyambira zaka 16, choncho kungochiona sikokwanira, ayenera kuwerenga chaka chobadwa, ndipo ngakhale chiphaso chitatha nthawi yake, tsiku lobadwa silisintha. Ku Britain masitolo ambiri amatsatira njira yotchedwa Challenge 25, imene imati aliyense wooneka wosakwana zaka 25 afunsidwe chiphaso, pofuna kuti wogulitsa asamadalire kuyerekeza ndi maso pa malire enieni. Njira yotere sifuna makina kapena ndalama, imangofuna chikwangwani cha katoni ndi chizolowezi. Wachinyamata wa zaka 20 amene waiwala chiphaso kunyumba akabwezedwa amangotaya chisangalalo cha madzulo amodzi, pamene wa zaka 15 akagulitsidwa akhoza kutaya sukulu yake.

Ndikunena za kutaya sukulu chifukwa malire a zaka 18 sanaikidwe mwachisawawa. Akatswiri a zaumoyo amagwirizana kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka zopitirira makumi awiri, ndipo mbali imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira zotsatira ndiyo imakhwima komalizira. Amagwirizananso kuti munthu amene wayamba kumwa ali wamng'ono amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzakhala chidakwa akadzakula. Thupi laling'ono limaledzera msanga, ndipo mowa waukali womwedwa mothamanga, mobisala, m'mimba mulibe kanthu, ndi umene umagwetsa munthu mpaka kukomoka. Ife a ku Mzuzu sitifunika kuuzidwa zimenezi ndi anthu akutali, chifukwa mu mzinda mwathu muno muli chipatala cha St John of God chimene chimathandiza anthu ovutika ndi matenda a maganizo komanso ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo mabanja ambiri akudziwa kutalika kwa ulendo wobweza munthu amene chibaba chamugwira.

Mfundo imene ndimaimvera chisoni kwambiri ndi ya mavuto a malonda. Mwini okala amanena kuti zinthu zakwera, kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo mpamba wake unasungunuka, kuti lendi ikumudikira, ngongole ya banki mkhonde ikumudikira, ndipo phindu la pa botolo limodzi ndi limene limagula ndiwo za tsikulo. Amawonjezera kuti iye akakana, mwanayo angodutsa nyumba zitatu n'kukagula kwa mnzake, kapena kupita ku shabini ndi kwa ophika kachasu amene alibe chiphaso chilichonse, motero wotsatira lamulo ndiye amaluza pamene mwanayo wamwabe. Pali choonadi pamenepa chimene sindingachibise, ndipo n'chakuti si chilungamo kufinya amene analipira chiphaso n'kusiya amene akugulitsa mobisa. Koma chimene mfundoyi ikutsimikiza n'chakuti lamulo lifike kwa onse, osati kuti lichotsedwe kwa amene lawafikira. Wogulitsa nyama sangadzikhululukire pogulitsa nyama yoola ponena kuti mnzake wa pafupi akugulitsanso yotero. Kuwonjezera apo, si zoona kuti kukana kwa munthu mmodzi kulibe ntchito. Mwana wa zaka 14 alibe kulimba mtima kwa chidakwa chokhwima, ndipo nthawi zambiri akuyesa koyamba, mtima ukugunda. Akabwezedwa pa zenera loyamba ndi munthu amene amadziwa makolo ake, ena amathera pomwepo. Mowa ukakhala wovuta kuupeza, ana oumwa amachepa ngakhale sangatheretu, ndipo kuchepa kumeneko ndi miyoyo ya ana enieni.

Mbiri ya masacheti ikutiphunzitsa zomwezi kuchokera mbali ina. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali chakuti timapaketi timeneti tinali totsika mtengo komanso tosavuta kubisa, moti mwana wa sukulu ankatha kutiika m'thumba la kabudula n'kulowa nato m'kalasi. Chiletsocho chinali choyenera, koma malonda anasintha chovala. Kunabwera timabotolo ta pulasitiki, ndipo m'malo ena wogulitsa amathira mowa waukali kuchoka m'chigubu kupita m'kapu kapena m'botolo la kasitomala pa mtengo uliwonse umene munthu ali nawo. Mowa wothiridwa chotere ulibe dzina la woupanga, ulibe chidindo cha MBS, ndipo palibe chosonyeza mphamvu yake, zimene zikuphwanya ufulu wa wogula aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, wodziwa chimene akumwa. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene unkadziwika ndi dzina lakuti Ambuye Ntengeni, ndipo awo anali akuluakulu. Phunziro lake n'lakuti boma likhoza kuletsa paketi lero n'kuletsa botolo mawa, koma malinga ngati munthu wa pa kauntala ali wokonzeka kugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama, mowa udzapeza chotengera china. Malo okhawo amene sasintha ndi pamene dzanja la wogulitsa limakumana ndi dzanja la wogula, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira kuti udindo uikidwe pamenepo.

Pano ndiwonjezere kanthu kena kamene sikakambidwa kawirikawiri. M'maokala ambiri amene amagulitsa mowa, mwini wake akapita kukaoda katundu kapena kutchalitchi amasiya mwana wake pa kauntala. Mwana wa zaka 13 sangakanize mnzake wa m'kalasi, ndipo sangakanize mwamuna woledzera amene akumukalipira. Mwini malo amene akufuna kugulitsa mowa aonetsetse kuti wogulitsa ndi munthu wamkulu, ndipo ngati walemba wantchito, amuuze momveka kuti sadzadzudzulidwa chifukwa chobweza mwana. Antchito ambiri a m'mabala amagulitsa kwa ana poopa abwana awo amene madzulo amawerenga mabotolo otsala, motero mlandu suyenera kuthera pa mtsikana wa pa kauntala pamene mwini chiphaso ali kunyumba.

Otsutsa ena, amene ndimawalemekeza chifukwa akuyankhula zimene anakumana nazo, amati kukhwimitsa lamulo m'dziko muno kumangotsegula khomo la ziphuphu. Iwo amaopa kuti woyendera malo adzabwera, adzaopseza, adzalandira kangachepe n'kupita, ndipo wovutika adzakhala mayi wa kaokala kakang'ono pamene mwini bala yaikulu akupitiriza monga kale. Chiopsezo chimenechi n'chenicheni, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha zikwapu, kuphwanya katundu kapena kugwira anthu usiku. Chimene ndikupempha ndi ndondomeko yodziwika kwa aliyense, imene ikuchepetsa mpata wokambirana kuseri. Wopezeka koyamba akugulitsa mowa kwa mwana alandire chenjezo lolembedwa, wobwereza aimitsidwe kugulitsa kwa nthawi yodziwika, ndipo wopitirizabe alandidwe chiphaso, mayina a malo oimitsidwawo n'kuikidwa poonekera ku ofesi ya khonsolo ndi m'misika. Chindapusa cha ndalama chokha sichiopsa munthu amene angachibweze ndi malonda a Loweruka limodzi, koma kutseka kwa mwezi kumamveka kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Chinthu chikachitikira poyera, makolo, makhansala ndi atolankhani amatha kufunsa chifukwa chimene malo ena odandaulidwa kawirikawiri sakukhudzidwa, ndipo funso limenelo ndi limene woyendera wokonda ziphuphu amaliopa.

Sindikunena zinthu zosatheka, chifukwa ndikudziwa mayi wina wa botolositolo m'dera lina la mzinda uno amene wakhala akuchita zimenezi kwa zaka popanda womukakamiza. Mwana akafika, mayiyu amamuyankha mofatsa kuti, "Pita ukawauze abambo ako kuti amayi aja akuti mubwere nokha," ndipo ndalama sazigwira n'komwe. Anandiuza kuti poyamba abambo ena ankabwera atakwiya, ena anasiya kugula kwa miyezi ingapo, koma ambiri anabwerera, ndipo lero ana a m'deralo safikanso pa khomo lake chifukwa akudziwa yankho. Bizinesi yake sinagwe. Chimene chimamuwawa, monga ananenera yekha, n'chakuti amaona ana omwewo akudutsa ndi kabotolo kokulunga kuchokera kwina, ndipo iye amene akutsatira lamulo alibe kusiyana kulikonse pamaso pa akuluakulu ndi amene akuliphwanya, pakuti onse amalipira ndalama yofanana ya chiphaso n'kulandira pepala lofanana.

Kusiyana kumeneko ndi kumene khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ingabweretse popanda kudikira lamulo latsopano kuchokera ku Lilongwe. Nthawi yokonzanso ziphaso ikafika, wopempha asamangolipira n'kutenga lisiti, koma asaine kuti wamva za malire a zaka 18, za kufunsa chiphaso cha unzika ndi za kusalandira mawu akuti ndatumidwa, ndipo apatsidwe chikwangwani cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka choti apachike pamene wogula aliyense angachione. Chikwangwani chotere chimathandizanso wogulitsa mwiniyo, chifukwa neba wokwiya akabwera, iye amangoloza pakhoma n'kunena kuti si ine, ndi lamulo. Mafumu a m'mabuloko, makomiti a sukulu ndi a chitetezo cha m'madera, amene amadziwa zenera lililonse la ku Chiputula, Masasa ndi Ching'ambo kuposa woyendera aliyense wochokera ku ofesi, afunsidwe maganizo awo chiphaso chisanakonzedwenso, makamaka pa malo oyandikana ndi sukulu. Magolosale ndi maokala amene akugulitsa mowa waukali pansi pa kauntala popanda chiphaso cha mowa auzidwe kuti asankhe pakati pa kutenga chiphasocho ndi malamulo ake onse, kapena kusiya kugulitsa mowawo. Khonsolo ili kale ndi kaundula wa malo amene inawapatsa ziphaso, ili ndi antchito amene amayenda m'misika ndi m'masitolo kutolera misonkho, ndipo ikhoza kuyamba ntchitoyi ndi ziphaso zimene zikukonzedwanso chaka chino.